Kagetsi ka matayala kakungoyakayaka, osathamangira batani akulu

Galimoto yanga ndi Mazda CX-5 ya 2013, ya ku Japan, inalowera pa Dar ngati zambiri zathuzi. June wa chaka chatha ndikuoloka mlatho wa Bakili Muluzi mmamawa kulowera cha ku Namwera, pa dashibodi panayaka kagetsi kachikasu kaja kooneka ngati mphika wodulidwa pakati, mkati mwake muli ka ! kamodzi. Ndinaima, kuzungulira galimoto, kuponda tayala lililonse ndi nsapato, onse akuoneka bwinobwino. Nde ndinachita zomwe ambirife timachita, kudina kabatani kolembedwa SET kali cha pafupi ndi chiwongolero mpaka kagetsi kanathwanima kawiri nkulira kuti pii, kuzima, ine ulendo. Patatha masiku asanu kayakanso. Ndadinanso. Kachitatu alamu anga tili pa sikimu ya chimanga chawo anangoyang'ana tayala lakumbuyo kumanzere nkuti, "Alamu, ili mwaliyeza liti?" Anatulutsa kageji kawo ka mthumba, mpweya wa mu tayala lomwe limafunika 2.3 bar unali pa 1.5, ndipo mkatikati mwa mapazi ake munali ka sikuluwu ka malata kamutu wozungulira kaja, katalowa mpaka mutu kusalala ndi phula.

Ndiye zonse ndilembe apazi zikuchokera pamenepo. Kuzimitsa kagetsi nkosavuta, mphindi imodzi siyikwana, koma ukazimitsa usanayeze mpweya ndiye kuti waiphunzitsa galimoto bodza, makamaka za mtundu ngati yangayi.

Galimoto zimadziwa bwanji kuti mpweya wachepa

Njira zake ndi ziwiri ndipo mukapanda kudziwa kuti yanu ili mbali iti mudzavutika mpaka kale. Zonse amazitcha TPMS.

Yoyamba ndi ya masensa enieni. Mkati mwa tayala lililonse, kuseri kwa vavu, muli kabokosi kakang'ono kokhala ndi batire yakeyake, kamayeza mpweya nkumatumiza uthenga ku kompyuta ya galimoto ngati wailesi. Galimoto zambiri zotere zimakuonetsani nambala ya tayala lililonse pa dashibodi, ndipo vavu yake nthawi zambiri imakhala yachitsulo yokhala ndi nati, ngakhale ilipo ina ya labala yoti pamaso simungaisiyanitse ndi wamba.

Yachiwiri ilibe sensa iliyonse mu tayala. Imabwereka masensa a ABS, makina aja oletsa magudumu kugwira mukaponda buleki mwamphamvu, omwe amawerenga liwiro la gudumu lililonse. Tayala likachepa mpweya limafupika pang'ono, nde kuti lifanane ndi anzake pamsewu liyenera kuzungulira kambiri, kompyuta ikaona kuti limodzi likuthamanga kuposa momwe inazolowera imayatsa kagetsi. Mawu oti "inazolowera" ndi amene ali ndi nkhani. Galimoto yotere siyidziwa kuti 2.3 nchiyani, imangodziwa momwe magudumu ankazungulira tsiku lomwe munadina SET. Ine nditadina tayala lili pa 1.9, inalemba kuti 1.9 ndiye zabwinozo, nkudikira litsikenso kuti ichenjeze. Ndadinanso, yalembanso. Kagetsi sikananame ndi kamodzi komwe, ine ndi amene ndimasuntha malire.

CX-5 zoyambirira zija, ma VW Polo ndi Golf ambiri ochokera ku UK, ma Audi, ma Honda angapo, ali mbali yachiwiriyi. Ndipo musadabwe kuti Vitz kapena Sienta ya aneba ilibe kagetsi kameneka, galimoto zambiri zopangira msika wa ku Japan siziikidwa. Ku America lamulo linabwera kudzera mu TREAD Act ya 2000 pambuyo pa ngozi zambiri za matayala ophulika, kuyambira September 2007 galimoto zatsopano zonse zing'onozing'ono kumeneko zimayenera kukhala nayo, ku Ulaya kuyambira November 2014. Nchifukwa chake ma ex-UK a 2015 kupita mtsogolo amene adzaza misewu yathuyi pafupifupi onse ali nako.

Yezani kaye, komanso muyeze matayala ali ozizira

Nambala yoyenera ili pa kasitika kali pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala, mukatsegula muyang'ane cha mmunsi, galimoto zina za ku Ulaya amakaika kuseri kwa kachitseko ka thanki ya mafuta. Nambala yolembedwa pa khoma la tayala, 44 PSI kapena 51 PSI, imeneyo ndi malire oti tayala lisapyole, si yoyendera. Ndaonapo mnyamata wina wopopa akuwerenga yomweyo nkufuna kuthira 50 mu Polo, mwini wake ali phee akuyang'ana foni.

Manambala amasokoneza chifukwa sitika ya ku Japan imalemba kPa, geji ya pa filling station ina imalemba bar, ya mnyamata wa pamsewu PSI. Bar imodzi ndi 100 kPa, komanso ndi 14.5 PSI. Nde 230 kPa ya galimoto yanga ndi 2.3 bar, ndi 33 PSI, chinthu chimodzi. Pa sitika pamakhalanso mzere wachiwiri wa galimoto ikadzaza, anthu asanu ndi matumba a mpunga kapena makatoni a chambo kumbuyo, pamenepo akumbuyo amafuna ochulukirapo.

Kuno ku Mangochi nkhani ya kutentha ndi yaikulu kuposa momwe anthu amaganizira. Mpweya mu tayala umasintha pafupifupi 0.1 bar pa madigiri 10 aliwonse. Mukapopa masana a October dzuwa likuswa mtengo, phula likuchita nthunzi, kenako osayezanso, ikafika nyengo ya mwera mmamawa kukuzizira tayala lomwelo latsika, kuphatikizanso kuti tayala lililonse ngakhale labwino limataya pafupifupi 1 PSI pa mwezi palokha. Nchifukwa chake kagetsi kamakonda kuyaka June ndi July mmamawa, mukayenda mpaka pa Ulongwe kazima kokha chifukwa matayala atentha. Kameneko sikanapenge, kakukuuzani kuti muli pa malire penipeni. Ndipo malirewo ali kutali, galimoto zambiri zimachenjeza mpweya utatsika ndi 20 mpaka 25 pa 100 iliyonse, kutanthauza kuti tayala la 33 PSI limakhala litafika cha mu 25 kapena 26. Pamaso silioneka, matayala a masiku ano amabisa, kuponda ndi phazi monga ndinachitira ine nkungodzisangalatsa.

Ozizira ndiye kuti galimoto yaima maola atatu, kapena mwangoyenda makilomita awiri atatu kuchoka kunyumba. Mukachokera ku Liwonde nkuima pa boma kuyeza, geji ionetsa 0.2 kapena 0.3 pamwamba, musaphwetse ayi, mawa mmamawa mupeza aperewera. Ngati mwakakamizika kupopa ali otentha onjezerani ka 0.2 pamwamba pa nambala ya pa sitika nkudzayezanso kukacha.

Gulani geji yanu. Izi ndikunena molimba mtima chifukwa tsiku lina ndinayeza tayala limodzi malo atatu mtauni muno, ma geji atatu manambala atatu, ina singano yake inali yomangirira ndi kawaya. Kageji ka mthumba sikadula poyerekeza ndi tayala la 17 inchi.

Ngati limodzi lokha ndi lomwe latsika

Onse anayi akatsika mofanana ndi nyengo kapena ulesi wathu. Likatsika limodzi pali pothawira mpweya, kupopa nkumapita ndi kungochedwetsa. Tengani madzi a sopo mu botolo, sopo wa ufa yemweyu wochapira, thirani pa mapazi a tayala mukusuntha galimoto pang'onopang'ono, pa vavu mutachotsa kachivindikiro, komanso mozungulira pomwe tayala lakumana ndi limu. Pomwe pakutuluka thovu lokula ndi pomwepo. Kabowo kakang'ono thovu lake limachedwa, limabwera ngati malovu, dikirani ndithu mphindi ziwiri.

Kwathu kuno zolasa ndi zodziwika. Misomali ndi masikuluwu a pa malo omanga, minga ya mthethe mukapatuka kulowa njira za kumudzi, waya wa matayala akale owotchedwa pamsewu. Koma chomwe anthu amaiwala ndi limu. Amene amayenda msewu wa ku Makanjira akudziwa, ukagwera mdzenje limodzi mwamphamvu limu imapindika pang'ono mkati komwe sukuona, mpweya nkumatuluka pang'onopang'ono sabata yonse. Mchenga nawonso, mukaphwetsa matayala kuti mudutse pa mchenga wa kunyanja timchenga timalowa pakati pa limu ndi tayala. Zikatero amachotsa tayala, kupala limu ndi bulashi ya waya, kupaka mankhwala omatira aja nkubwezera. Nthawi zina ndi kapini ka mkati mwa vavu kangomasuka, kumangitsa kwake ndi masekondi.

Pomata, kachingwe kobaya kunja kaja kamathandiza pa ulendo, koma chigamba cha mkati ndiye chodalirika. Bowo likakhala pa khoma la tayala kapena tayala latupa chotupa ngati dzira, limenelo latha, wina asakunamizeni kuti alimata, msewu wa mapiri wokwera ku Namwera uja si malo oyesera mwayi.

Tsopano kuzimitsa

Mwayeza, mwakonza, matayala onse ali pa nambala yake. Imikani galimoto, handibuleki mmwamba, tembenuzani kiyi kufika pa ON, kapena ngati ndi ya batani dinani kawiri osaponda buleki.

Pa CX-5 ngati yanga mumagwira SET osasiya mpaka kagetsi kathwanime kawiri ndi kulira kamodzi, mwamaliza, imaphunzira yokha mukuyenda. Ma VW ena batani la SET lili mu glove box kapena cha pa giya, atsopanoko mumalowa pa sikilini, CAR, kenako Tyres, kenako SET nkuvomera. Ma Toyota omwe ali nako kabatani kamabisala pansi pa chiwongolero cha mmawondo, mumagwira mpaka kagetsi kathwanime katatu, nkusiya kiyi ili ON kwa mphindi zingapo, atsopano zili mu menyu ya pa dashibodi. Honda imalemba kuti TPMS Calibration kapena Deflation Warning System, mukayambitsa imafuna muyende pafupifupi mphindi 30 pa liwiro la pakati pa makilomita 50 ndi 100 pa ola, nde musayembekeze kuti imaliza mukuzemba makabaza pa msika, tengani msewu wa ku Monkey Bay mukafike cha ku Makawa nkubwerera. BMW mumayambitsa pa sikilini yake yotchedwa iDrive injini ikulira nkunyamuka, Mercedes ndi mabatani a pa chiwongolero mu menyu ya Service.

Galimoto zambiri za masensa enieni, monga ma Nissan ambiri, zilibe batani nkomwe. Mukapopa mumangoyenda mphindi 10 kapena 20 pa liwiro loposa 25 mpaka 30, masensa amadzuka magudumu akamazungulira, kagetsi kamazima kokha. Anthu amasaka batani lomwe kulibe mpaka kuzula ma fyuzi.

Pa za mtundu wa ABS zija, kudina SET si kwa tsiku la vuto lokha. Mwasinthanitsa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, mwagula latsopano, mwaonjezera mpweya chifukwa cha katundu wa ulendo wa ku Chiponde, dinani, apo ayi iyamba kukuwa popanda chifukwa.

Kazima koma kabweranso, kapena kakukaniratu

Yang'anitsitsani momwe kakuyakira mukangoliza galimoto. Kakayaka nkukhazikika, nkhani ndi mpweya. Kakayamba ndi kuthwanima kwa mphindi imodzi kapena kupitirirako pang'ono kenako nkukhazikika, mpweya ulibe mlandu, ndi makinawo amene ali ndi vuto, mungapope mpaka mawa sikazima.

Pa galimoto za masensa choyamba kuganizira ndi batire. Kabatire ka mu sensa kamakhala zaka 5 mpaka 10, ndipo kanamatidwa mkati, sikasinthika, mumasintha sensa yonse. Nde werengani nokha, galimoto ya 2015 yomwe mwagula chaka chino masensa ake ali kumapeto kwa moyo, ikafa imodzi zinazo zili mnjira. Chachiwiri ndi pomatitsa. Alamu anga aja ali ndi galimoto ya masensa, anakamatitsa pamalo ena pamsewu pomwe amachotsa tayala ndi zitsulo ziwiri ndi hamala, chitsulo chinalowa pa vavu penipeni. Pobwezera tayala mkati mukumveka kuti gobede gobede, mnyamata nkuti, "Bwana musadandaule, ndi kamwala." Kamwala kake kanali sensa itathyoka pakhosi. Kuyambira pamenepo iwo amayamba anena asanatsike nkomwe, "Achimwene, muli sensa umo, chitsulo chanu chiyambire kutali ndi vavu." Inunso muzinena, ambiri mwa anyamatawa ntchito amaidziwa koma anazolowera ma minibasi ndi ma Probox omwe mulibe kanthu.

Palinso zoti munthu wagula malimu okongola kwa wina, masensa anatsala mu malimu akale. Kapena galimoto inabwera kale ilibe, wina kunja anachotsa nkuika ma vavu wamba. Galimoto ikusaka masensa omwe kulibe, iyenera kudandaula basi.

Pogula sensa yatsopano samalani, sizilankhula chinenero chimodzi. Za msika wa ku Japan ndi ku America zambiri ndi 315 MHz, za ku Ulaya ndi 433 MHz, mukaitanitsa yolakwika ilowa bwinobwino pa limu koma galimoto siyimva. Nambala imalembedwa pa sensa yakaleyo, ijambuleni. Komanso sensa iliyonse ili ndi ID yake, galimoto zina zimaiphunzira zokha mukuyenda, koma ma Toyota ambiri amafuna makaniko alowetse nambalazo ndi kompyuta pa soketi ya OBD pansi pa chiwongolero. Funsani kaye ngati makina awo amachita za TPMS musanalipire, si kompyuta iliyonse ya pa galaja imatha, mwina mpaka mudikire ulendo wa ku Blantyre.

Sipeya nayonso. Ma 4x4 ena okhala ndi sipeya yaikulu amakhala ndi sensa yachisanu mmenemo, munthu wayeza anayi onse ali bwino, kagetsi kali chiyakire, kumapezeka kuti lopachika pansi kumbuyo lija silinapopedwe chifikire mdziko muno. Ndipo mukavala kasipeya kakang'ono kowonda kaja, kamene kamafuna 420 kPa komanso osapyola 80 pa ola, kagetsi kayaka ndithu, musalimbane nako mpaka tayala lenileni libwerere.

Pa za mtundu wa ABS zosokoneza ndi zina. Matayala a kaunjika, ili la kampani ina, ilo saizi yosiyana pang'ono, lina latsopano lina lasalala, magudumu sazungulira mofanana nde kompyuta imangoona ngati lina laphwa. Yesetsani kuti awiri a pa ekiselo imodzi akhale ofanana saizi ndi kutha kwake. Mukamagula a kaunjikawo onaninso manambala anayi omaliza pa mzere woyamba ndi DOT pa khoma la tayala, osonyeza nthawi yomwe linapangidwa, 2318 ndiye kuti sabata ya 23 chaka cha 2018, ena amaoneka mapazi abwino koma ndi agogo, ang'alukang'aluka mmbali ndipo mpweya sasunga. Kuyenda nthawi yaitali pa mchenga kapena mmatope magudumu akuterereka kumayatsanso kagetsi, katundu wolemera mbali imodzi chimodzimodzi. Ndipo kakayaka limodzi ndi getsi la ABS, siyani matayala, vuto lili pa sensa ya ABS ya gudumu lina, mwina waya waduka kapena yadzaza matope ndi tizitsulo.

Za kuchotsa batire ya galimoto kuti "iiwale" ndimazimva kawirikawiri. Mutaya mawayilesi omwe munasunga ndi wotchi, magalasi ena asiya kukwera okha, mukayenda pang'ono kagetsi kabwerera chifukwa chomwe chinakayatsa chikadalipo. Mankhwala othira mu tayala omata okha aja amatha kutseka kabowo ka sensa, tizivindikiro ta vavu tachitsulo tonyezimira timagwirana ndi vavu ya aluminiyamu mpaka kuthyoka pomasula, ingoikani tapulasitiki takuda tomwe. Ndipo ndinakwerapo galimoto ina yopita ku Cape Maclear dalaivala atamata ka tepi kakuda pa dashibodi pomwe pali kagetsiko, ndikumufunsa akuti kamamuthobwa mmaso usiku.

Tayala langa lija anamata chigamba cha mkati, koma masabata awiri oyenda ndi mpweya wochepa pa phula anali atadya kale mmphepete monse muwiri pakati pali bwino, moti pofika September ndinagula lina. Panopa kageji kamakhala mu chitseko cha dalaivala, Loweruka loyamba la mwezi ndisanapite kumsika ndimazungulira onse anayi ndi sipeya yomwe, ndipo SET ndinamudina komaliza tsiku lomwe ndinasinthanitsa matayala mu January.